Makoko Atatu M'poto

Nsawawa zobiriwira sizichedwa kupsa. Ukazisenda umakazinga anyezi, kudulira tomato mmodzi, kuthiramo nsawawazo ndi timadzi pang'ono, kenako kuswera mazira awiri pamwamba n'kuvundikira. Mphindi khumi, chakudya chili patebulo. Umu ndi mmene Namwino, nesi wa pa chipatala, anaphunzirira kwa malemu bambo ake. Bambowo analinso ndi kachinsinsi kawo: ankaponya m'poto makoko atatu a nsawawazo kuti apereke fungo, ndipo zikapsa ankawavuula n'kuwandandalika m'mphepete mwa mbale. Atatu, osati awiri, osati anayi. Ukawafunsa chifukwa ankati, "Limodzi ndi la wophika, lina la wodya, lachitatu la amene wachedwa."

Kuphika kothamanga kumeneku kunali ndi chifukwa. Mayi ake a Namwino anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye wophika anali bambo. Iwo ankafika kuchokera ku ntchito sikisi itatsala pang'ono kukwana, pomwe sikisi yeniyeni, Lachinayi lililonse, pa TV pankayamba sewero la wometa tsitsi wa dazi amene ankalephera kufunsira mayi wogulitsa nsapato pafupi ndi shopu yake. Akangotsegula pakamwa, chinachake chinkachitika: kasitomala wayetsemula lezala ili pakhosi, mbuzi yalowa m'shopu, denga ladontha.

"Lero anena," bambo ankatero, mbale ili pamwendo.

"Sanena," mwana ankayankha.

Woluza ankatsuka mbale. Bambo anatsuka mbale chaka chathunthu.

Tsiku la gawo lomaliza bambo anagwa m'khitchini anyezi ali pamoto. Ku chipatala kumene anapita nawo sanabwereko. Kuyambira pamenepo zinadutsa zaka khumi ndi ziwiri Namwino asakudziwa ngati wometa uja ananena kapena ayi, ndipo sankafuna kuuzidwa ndi munthu.

Kenako kunabwera mnyamata wokonza ma TV, amene aliyense ankangomutchula kuti Wamawaya. Anabwera kudzakonza TV, anamva nkhani ya sewerolo, anasowa miyezi itatu, n'kubwerera ndi magawo onse pa fulashi, kachitsulo kolowetsa kumbuyo kwa TV. Chikondi chinayambira pamenepo. Anapangana lamulo: gawo limodzi Lachinayi lililonse, ndi nsawawa, ndipo palibe woonera yekha. Gawo lomaliza analisungira tsiku limene amayi a Wamawaya adzavomereze Namwino kukhala mpongozi wawo.

Tsikulo linkaoneka kuti lili patali. Amayiwo anakumana ndi Namwino kamodzi kokha. Atawaphikira nsawawa zake, anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Chakudya cha mphindi khumi, banja lakenso la mphindi khumi." Mtima wawo unali pa mwana wa mnzawo, mtsikana wa ku banki wa zikhadabo zazitali zopaka utoto.

* * *

Lachinayi limeneli Wamawaya anafika mochedwa, ndipo anagogoda, chinthu chimene anasiya kalekale. Anamutsegulira ndi azakhali a Namwino, mlongo wawo wa malemu, amene ankakhala naye m'nyumba ya zipinda ziwiriyo.

"A Wamawaya, mwayamba liti kugogoda? Mwaba chiyani?"

"Palibe, azakhali. Ulemu chabe."

"Ulemu wadzidzidzi ndi wa munthu wolakwa. Lowani, mazira akuuma."

Namwino anatambasula dzanja kuti alandire fulashi. Anali atatsala ndi magawo awiri okha, la lero ndi lomaliza lija. Wamawaya anapisa m'matumba onse anayi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudziwa kale kuti mulibe kanthu.

"Ndaiwala."

"Fulashi imene suisiya ngakhale popita kosamba?"

"Ndasintha thalauza."

Anadya atayang'ana TV yozimitsa. Wamawaya anadya masupuni atatu, foni yake n'kulira. Anaiyang'ana, anaitembenuza, kenako anati amayi akumufuna. Potuluka sanayang'ane Namwino kumaso.

Azakhali anasuzumira m'mbale yake.

"Mwamuna akasiya dzira m'mbale ndiye kuti wadya kwina."

"Azakhali, musayambe."

"Sindinayambe ine. Layamba ndi dzira."

* * *

Loweruka m'mawa Namwino anali pa msika, akusankha nsawawa, pomwe anamva fungo la pefyumu kumbuyo kwake. Anali mtsikana wa ku banki uja, amene azakhali anamupatsa dzina loti Zikhadabo.

"Anesi! Nsawawanso? Inutu mudzamera makoko."

"Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka ndi nthiti zopweteka, anesi. Kuseka! Sewero lanu lija la wometa wa dazi ine ndinkaliyesa la azigogo. Koma Lamlungu lapitali tinaonera kwa amayi awo a injiniya, ine, amayiwo ndi a injiniyawo. Ndinatsala pang'ono kukomoka."

A injiniya anali Wamawaya. Zikhadabo yekha ndi amene ankamutchula choncho.

"Gawo liti?" anafunsa Namwino.

"Lomaliza. Lija wometa wavala suti yobwereka."

"Musandiuze."

"Aa, mesa inu munaonera kalekale? Ine chinandipha ndi chakuti munthu uja mpaka mapeto sananene kanthu! Mayi wa nsapato ndi amene anatopa. Anamukhazika pampando wometera, kumumanga nsalu pakhosi, n'kumufunsira yekha, lezala ili m'manja. A injiniya anaseka mpaka misozi. Anachita kundigwira paphewa kuti asagwe pampando."

Kaya Zikhadabo ankadziwa chimene akuchita, kaya sankadziwa, bala lake linali lomwelo. Namwino anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Mayi wogulitsa nsawawa anachita kumuitana kawiri kuti atenge jumbo yake.

* * *

Azakhali anamupeza m'khitchini, mpopi uli chotsegula, akutsuka mbale zotsuka kale.

"Madziwo si a mvula. Chachitika n'chiyani?"

Namwino anafotokoza zonse osatembenuka. Kenako anafika pa mapeto a sewerolo.

"Sananene, azakhali. Wometa uja sananene. Ndiye kuti ndinawina ndine. Mbale za tsiku lija zinali za bambo."

Azakhali sankagwirizana ndi zolira. Anatseka mpopi, anamulanda mbale, anamupukuta manja ndi nsalu ngati mwana wa zaka zisanu.

"Achimwene anga aja ndi ulesi wawo," anatero. "Anaoneratu kuti aluzanso, n'kuthawa mbale."

Namwino anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunatsegula misozi. Analira atatsamira paphewa la azakhali. Azakhaliwo anapukuta maso awo n'kudandaula za anyezi, ngakhale panalibe anyezi amene anadulidwa.

Atatonthola anatenga foni n'kulemba mawu ochepa: "Ndamva kuti munaseka."

Foni inalira kasanu ndi kawiri. Sanayankhe. Kenako mauthenga anayamba kugwa ngati matalala.

"Si mmene ukuganizira."

"Ndiyankhe chonde, ndikufotokozere."

"Ndinaopa kukuuza."

Azakhali ankawerenga nawo, magalasi ali pamphuno.

"'Si mmene ukuganizira.' Kodi mawu amenewa amuna amakawagula kuti? Aliyense ali nawo."

Namwino analemba: "Ndikufuna fulashi basi."

Yankho linachedwa. "Ili kwa amayi. Akukana nayo."

* * *

Lamlungu masana azakhali anavala nsapato zawo zakuda, zimene amavala akamapita kokangana, n'kukwera basi. Amayi a Wamawaya anawalandira pabalaza lodzaza ndi mipando yokutidwa ndi nsalu zoluka. Anapatsana moni wautali, wa anthu amene sakondana.

"Sindikhalitsa," anatero azakhali. "Ndabwera kudzatenga kachitsulo kamene kali kumbuyo kwa TV yanuyo."

"Kachitsuloko n'ka mwana wanga. Ndipo mwana wanga ndi wanga."

"Mwanayo sungani, lero palibe akumulimbirana. Ine ndikufuna kachitsulo."

Amayiwo anakonza nsalu ya pampando, imene inali yokonzeka kale.

"Mwana wanuyo ine sindidana naye. Koma munthu wogona ku chipatala masiku atatu pa sabata, wophika ataimirira ngati akuthawa moto, adzandisamalira bwanji mwana wanga? Ine bambo ake ndinawaphikira zaka makumi atatu. Poto ankakhala pamoto kuyambira m'mawa."

"Ndiye anali kudya nthawi yanji, osauka?"

"Mwabwera kudzandinyoza m'nyumba mwanga?"

"Ndabwera kudzatenga kachitsulo. Mwana wanuyo ali ndi ndevu, mayi. Akafuna chakudya cha tsiku lonse, manja ali nawo."

Amayiwo anaimirira, kusonyeza kuti ulendo watha.

"Ngati akuifuna fulashiyo, abwere yekha Lamlungu likubwerali masana. Adzadye nafe. Adzaone mmene anzake amaphikira."

Potuluka azakhali anadutsa pakhomo la khitchini, ndipo maso awo sadutsa khitchini ya munthu osasuzumira. Zikhadabo anali atakhala pa kampando, beseni lili pamwendo, akusenda nsawawa. Zikhadabo zija anali atawenga zonse mpaka pamnofu.

Azakhali ndi munthu wosasunga mawu m'kamwa. Koma ichi chokha anachisunga. Atafika kunyumba ananena za kuitanidwa kwa Lamlungu, za mipando ndi nsalu zake, basi.

* * *

Lachinayi lotsatira, sikisi isanakwane, Wamawaya anagogodanso. Ananyamula jumbo ya nsawawa, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene sanadye bwino sabata yonse.

"Ndimulowetse kapena ndimuthire madzi?" anafunsa azakhali.

"Mulowetseni. Anene zimene wabwerera."

Wamawaya sanakhale pampando wake wa masiku onse. Anaima pafupi ndi chitseko, jumbo ili m'manja.

"Ukudziwa mmene ndimagwirira ntchito," anayamba. "TV iliyonse ndikaikonza ndimaiyesa ndi fulashi ya m'thumba. Sindisankha. Ndimangodina chimene chili pansi penipeni pa mndandanda, kuona ngati chithunzi ndi mawu zili bwino, n'kuzimitsa. Dzanja limachita lokha. TV ya amayi inafa Lamlungu lija. Nditaikonza ndinadina, ndipo ndisanazimitse amayi anati, 'Siya, sewero ili ndikulikumbuka.' Mtsikana uja anali pomwepo, anabwera kudzawaona. Anakhala pansi onse awiri."

"Bwanji simunatuluke?" anafunsa Namwino.

Mawu akuti "simunatuluke" anamulasa. Chaka chathunthu Namwino ankamutchula kuti iwe.

"Ndinati ndituluke. Ndinafika pakhomo. Kenako wometa uja analowa ndi suti yake ija, ndipo ine, ndinafuna kudziwa. Sindikunamiza. Ndinafuna kudziwa."

"Munaseka?"

"Ndinaseka."

"Munamugwira paphewa?"

"Ndinkagwa pampando."

"Pansi panalibe?" analowerera azakhali. "Anthu amagwa pansi tsiku lililonse, safa."

Namwino sanaseke. Anayang'ana TV yozimitsa ija.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikutseka makutu. Anthu akayamba kukamba za sewero limeneli m'basi, ndinkatsika ndisanafike. Kuntchito ankandiseka. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene ine ndi bambo tinali tisanamalize. Popeza chinali chisanathe, kwa ine zinali ngati bambo akadali panjira, angochedwa chabe. Ndinakupatsani inu kuti mundisungire. Ndiye ndikakamve pa msika, kwa munthu ameneyo, ndili ndi jumbo m'manja?"

Wamawaya anaika jumbo pansi n'kugwada. Misozi inali kutsika, ndipo sanaipukute.

"Ndinalakwa. Kuonera ndinalakwa, kubisa ndinalakwa koposa. Koma mtsikana uja ndilibe naye kanthu. Amayi anene zimene anganene, ine ndikufuna iwe."

"Dzukani, mudetsa thalauza losintha lija," anatero azakhali. Koma mawu awo anali atafewa.

Namwino anachotsa maso pa TV n'kuyang'ana Wamawaya.

"Palibenso china chimene mukundibisira?"

"Palibe."

"Ganizani bwino. Lero ndi tsiku lake."

"Palibe. Ndikulumbira."

Kenako Wamawaya anatola jumbo ija.

"Undilole ndiphike ine lero. Ukakana kudya, ndidzamvetsa."

Namwino sanavomere, komanso sanakane. Azakhali analoza khitchini ndi chibwano.

Anasenda msanga, ndi zala zozolowera timawaya. Anyezi analira m'mafuta, fungo linadzaza nyumba. Namwino anakhala pampando atapinda manja, akuyesetsa kuti asamve fungolo, koma mphuno ilibe chitseko. Anakumbuka tsiku limene anamuphunzitsa kuphika chakudya chimenechi. Anamuuza za makoko atatu monong'ona, ngati akumupatsa kiyi wa nyumba. Kupatula azakhali, panalibenso munthu wina padziko amene anamuuzapo.

Mphindi khumi zitakwana mbale inabwera: nsawawa zobiriwira, mazira awiri, ndi makoko atatu m'mphepete, ondandalikidwa bwinobwino.

"Mchere wachepa," anatero azakhali atalawa. "Koma munthu akhoza kudya."

Namwino anatenga supuni. Anadya kamodzi, kawiri. Wamawaya anapuma mozama n'kukhala pampando wake wa masiku onse.

"Ukanakazinga anyezi pang'ononso," anatero Namwino, maso ali m'mbale.

Wamawaya anamva kuti "mu" uja wachoka. Anamwetulira koyamba sabata imeneyo.

Pomwepo foni ya Namwino inalira patebulo. Nambala yosadziwika, yatumiza chithunzi. Anachitsegula supuni ili m'dzanja lina.

Inali mbale ya maluwa, pa tebulo la nsalu yoluka. Nsawawa, mazira awiri pamwamba. M'mphepete mwa mbaleyo munali makoko atatu, ondandalikidwa bwinobwino, ndipo pambali pake pankaoneka dzanja la zikhadabo zowengedwa mpaka pamnofu. Pansi pa chithunzicho panali mawu:

"Anesi, ndakhoza? Aphunzitsi anga akuti lachitatu ndi la amene wachedwa. Lamlungu musachedwe."

Namwino anaika supuni pansi mosachita phokoso. Anatembenuza foni n'kuikankhira kwa Wamawaya. Azakhali anasuzumira, anaona dzanja lija, n'kuyang'ana kumbali.

Kumwetulira kwa Wamawaya kunazima ngati TV magetsi akathima.

"Anangondifunsa chimene ndimakonda kudya," anatero. "Amayi anali pomwepo. Ndinangofotokoza, sindinaganize kuti..."

"Ndinakufunsani. Ndinati ganizani bwino."

"Ndinaiwala. Ndinaona ngati ndi nkhani ya chakudya chabe."

"Ndi mawu a bambo anga omwe munamupatsa?"

Wamawaya anatsegula pakamwa, koma panalibe chotuluka. Ulendo uno panalibe mbuzi yolowa, panalibe denga lodontha.

Namwino anatola khoko lachitatu m'mbale mwake. Analiyang'ana pang'ono, kenako anapita nalo ku khitchini, anaponda chivundikiro cha bini n'kuliponyamo. Atabwerera anatsegula chitseko cha panja n'kuchigwira.

"M'nyumba muno mulibenso amene tikumudikira," anatero.

Wamawaya anayang'ana azakhali kuti amuthandize. Azakhali anali kusonkhanitsa mbale. Anatuluka pang'onopang'ono, ndipo chitseko chitatsekedwa anaima panja kanthawi. Mthunzi wa mapazi ake unkaoneka pansi pa chitseko. Kenako unachoka.

Azakhali anaima ndi mbale m'manja.

"Ndinamuona mtsikanayo akusenda, tsiku lija. Ndinakubisira. Ndinati mwina n'zongochitika."

"Ndiye nonse mumandibisira."

"Ine kamodzi kokha, ndipo ndalapa. Nanga Lamlungu? Ndikawauze kuti adye okha nsawawa zawozo?"

Namwino anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana TV, anayang'ana makoko awiri otsala m'mbale.

"Ayi. Mundibwereke nsapato zanu zakuda zija."

"Zikuthina. Phazi lako n'lalikulu."

"Zithine. Mapeto andiuza kale, koma nkhope ya wometa uja pomwe akufunsiridwa sindinaione. Imeneyo ndi yanga ndi bambo anga. Ndikukaitenga."